Ndinakana sikelo yobera alimi ndipo ntchito yandithera: kodi kumvera Malemba kumafika pamenepa?

Bambo a Yamikani (Chibavi)

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndakhala ndikuwerenga zokambirana zanu kwa nthawi yaitali osalankhulapo, koma lero ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo, ndipo ndikupempha kuti mundiyankhe mosandinyengerera. Kwa nyengo zitatu zokolola ndinkagwira ntchito kwa mkulu wina wamalonda mumzinda muno wa Mzuzu, amene sindimutchula dzina, ndipo ntchito yanga inali yopita kumidzi ya m'maboma a Mzimba ndi Rumphi kukagula soya, chimanga ndi mtedza. Amene munaonapo ntchitoyi mukuidziwa: timapachika sikelo pamtengo kapena pakhonde la golosale, timayala tenti pansi, ndipo alimi amabwera ndi mbewu zawo pamutu, panjinga kapena pangolo.

Tsiku loyamba lenilenilo anandionetsa kachitsulo kopotokola kamene kali pa sikelo ya koloko, n'kundiuza kuti muvi uziyambira kumbuyo kwa ziro, kuti thumba la makilo 50 lizioneka ngati la makilo 47. Sabata imene tagula matumba 200, ndiye kuti makilo 600, omwe ndi matumba 12 athunthu, alowa m'galimoto popanda kulipira ngakhale tambala. Ndinkadziwa kuti n'kulakwa, koma ndinkadziuza kuti sikelo si yanga, ndalama si zanga, ndipo ine ndine wantchito chabe.

M'mwezi wa June kunabwera gogo wina wamkazi ndi soya wosakwana thumba, atamumanga m'chitenje chakutha. Anandizindikira kuti ndine amene ndinatsogolera nyimbo pamaliro ena m'mudzimo, ndipo anauza anzake mokweza kuti iye wasankha kugulitsa kwa ine chifukwa munthu wopemphera sangamubere. Ndinapachika soya wake, ndinawerenga muvi, ndipo ndinamubera. Lamulungu lotsatira ndinawerenga Deuteronomo 25:13-16, pamene akuletsa kukhala ndi miyeso iwiri m'thumba, wolemera ndi wopepuka, ndipo akunena kuti wochita zimenezi anyansa Yehova. Lolemba ndinabweza muvi pa ziro. Patapita masabata awiri abwana anaona kuti katundu wowonjezera uja sakubweranso, anandifunsa, ndinawauza zoona, ndipo anandichotsa ntchito tsiku lomwelo osandipatsa malipiro a mwezi umenewo.

Panopa ndikupalasa Sacramento, njinga yonyamula anthu, ndipo ndi yobwereka imene ndimalipira tsiku lililonse. Ndili ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri, ndipo akazi anga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Amalume amene anandipezera ntchitoyo akuti ndawachititsa manyazi, ndipo anandiwerengera 1 Timoteyo 5:8, kuti wosasamalira banja lake wakana chikhulupiriro ndipo aposa wosakhulupirira kuipa. Kodi ndinamvera vesi lina n'kuphwanya linzake?

Mayi a Tadala (Luwinga)

Achimwene, musadandaule ngakhale pang'ono, chifukwa mwachita bwino ndipo Mulungu sakhala ndi ngongole ya munthu. Yosefe anakana tchimo, analowa m'ndende, koma anatulukamo nduna yaikulu ya Igupto. Ine ndikukhulupirira kuti chaka chino chisanathe mupeza ntchito yoposa imeneyo kawiri, ndipo amene akukusekani lero adzabwera kudzakupemphani.

Wamalonda wa pa Taifa

Ndilankhule monga munthu amene wakhala pamsika wa Taifa zaka zambiri, ngakhale ndikudziwa kuti ena andiona ngati wofooka m'chikhulupiriro. Bambo a Yamikani, sikelo imene munaikana ija lero ili m'manja mwa mnyamata wina, ndipo mwina iyeyo akuba makilo asanu m'malo mwa atatu. Gogo ujayo sanapindule kanthu ndi kuchotsedwa kwanu ntchito. Amene wapindula ndani? Alimi akuberedwabe, abwana akulemerabe, ndipo amene wagona ndi njala ndi mayi woyembekezera amene sanapachikepo sikelo.

Komanso Baibulo lomwelo lili ndi anthu amene anakhalabe m'nyumba za mabwana oipa. Obadiya anali kapitawo wa nyumba ya Ahabu, ndipo chifukwa chokhala momwemo anatha kubisa aneneri 100 m'mapanga. Namani atachira khate anapempha kuti akhululukidwe akamalowa m'nyumba ya Rimoni mfumu yake itatsamira pamkono wake, ndipo Elisa anangomuuza kuti apite mumtendere. Akolose 3:22 akutinso antchito amvere ambuye awo. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, munthu sataya ntchito ngati akutaya chikhwatha cha nzimbe. Mukanapirira mpaka nyengo yogula itatha, n'kumafunafuna kwina mwakachetechete.

Agogo a ku Katawa (mphunzitsi wopuma)

Ndiyambe ndi Mayi a Tadala, chifukwa mawu awo ndi okoma mtima koma angathe kumuvulaza mwanayu kuposa mawu a amalume ake. Mayi, ngati December afika ntchito yoposa kawiri ija isanabwere, kodi adzaganiza chiyani? Adzaganiza kuti mwina Mulungu wanama, kapena kuti iye analakwitsa kumvera. Malemba salonjeza kuti aliyense womvera adzabwezeredwa m'moyo uno. Ngakhale Yosefeyo, woperekera chikho atamuiwala, anakhalabe m'ndende zaka ziwiri zathunthu. Yohane Mbatizi anadzudzula Herode pa nkhani ya Herodiya ndipo sanatuluke m'ndende ali moyo. Pa Ahebri 11 timakonda kuwerenga za amene anatseka pakamwa pa mikango, koma tikapitirira pang'ono kufika pa vesi 36 mpaka 38 timapeza ena amene anaponyedwa miyala, anachekedwa ndi macheka, anayendayenda atavala zikopa za nkhosa ndi mbuzi, ndipo onsewa akuwerengedwa pamzere umodzi wa chikhulupiriro. Anyamata atatu aja a pa Danieli 3 anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa, koma anawonjezera kuti ngakhale atapanda kutero, fanolo sadzaligwadira. Mawu owonjezerawo ndi amene Bambo a Yamikani akufunika lero.

Zimenezi sindikuzitenga m'Baibulo mokha, chifukwa ndinaziona ndi maso mumzinda uno. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ikunena poyera za kumanga anthu popanda mlandu, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndi za kutseka anthu pakamwa. Boma linaitcha kalatayo youkira, ndipo kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko mwezi wotsatira. M'busa Aaron Longwe wa CCAP, kuno ku Mzuzu komwe, anamangidwa chaka chomwecho chifukwa cha zimene ankalalikira. Lero timakamba nkhaniyi tikudziwa kuti referendamu inabwera pa 14 June 1993, ndiye imaoneka ngati inali yophweka, koma mu April 1992 palibe amene ankadziwa mathero ake. Ife aphunzitsi tinkanong'onezana m'chipinda chopumira, ndipo ine ndemwe, ndivomereze, ndinaotcha kalata yanga pambaula usiku chifukwa cha mantha. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira, ndipo n'chifukwa chake sindingamuuze mwana amene walimba mtima kuposa ine kuti analakwa.

Ngakhale a Mboni za Yehova, amene timasiyana nawo pa ziphunzitso zambiri, anatiphunzitsapo kanthu pa nkhani ya mtengo wa chikumbumtima. Analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ambiri anathawira ku Mozambique ndi ku Zambia atataya nyumba ndi minda, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Zaka 26 si December wa chaka chino.

Mayi a Tadala (Luwinga)

Agogo, ndamva ndipo ndavomera kuti ndinafulumira kuika tsiku pa zinthu zimene Mulungu sanaikepo tsiku. Komabe Mateyu 6:33 sindingamusiye, chifukwa ndi Ambuye mwini amene ananena kuti tikafuna Ufumu choyamba, zakudya ndi zovala zidzawonjezedwa kwa ife.

Abusa opuma (Mchengautuwa)

Vesi limenelo musalisiye, Mayi, ndipo ndibwererakonso pamapeto. Choyamba ndiyankhe Bambo wa pa Taifa, chifukwa mafunso awo ndi olemera ndipo sayenera kukankhidwira pambali ndi Ameni.

Obadiya anakhaladi m'nyumba ya Ahabu, koma tiyeni tione chimene manja ake ankachita. Yezebeli ankapha aneneri, Obadiya ankawabisa ndi kuwadyetsa mkate ndi madzi. Sitiwerenga kuti anagwirapo lupanga kwa miyezi ingapo podikira kuti nyengo ithe. Mkhristu angathe kugwira ntchito kwa bwana wosalungama, ndipo ambiri a ife tatero, koma funso limakhala lakuti kodi chosalungamacho chikudutsa m'manja mwa yani. Pa nkhani ino dzanja lopotokola kachitsulo, diso lowerenga muvi, ndi pakamwa potchula nambala yabodza kwa mlimi, zonsezo zinali za Bambo a Yamikani. Okhometsa msonkho atabwera kwa Yohane pa Luka 3:12-13, iye sanawauze kuti asiye ntchito, koma anawauza kuti asalandire choposa chimene analamulidwa. Mbale wathuyu anachita chimodzimodzi: sanasiye ntchito, anangobweza muvi pa ziro, ndipo amene anaganiza zomuchotsa ndi abwana.

Za Akolose 3:22, vesi lomwelo likuti kumverako kukhale kwa mtima woona, moopa Ambuye. Lamulo la bwana likawombana ndi lamulo la Mulungu, Petro anayankha kale pa Machitidwe 5:29 kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Ndipo sikelo si nkhani yaing'ono imene yatchulidwa kamodzi m'ngodya ya Chilamulo. Ili pa Levitiko 19:35-36, ili pa Miyambo 11:1, ili kawiri pa Miyambo 20, ili pa Mika 6:11, ndipo Amosi 8:5-6 akufotokoza amalonda amene amangodikira kuti Sabata lithe kuti akachepetse muyeso, akakweze mtengo, n'kugula waumphawi ndi nsapato. Mukawerenga Amosi mutaima pamalo ogulira soya m'mwezi wa June, mungaganize kuti mneneriyo analemba dzulo.

Tsono kwa amalume anu, Bambo a Yamikani. Paulo amene analemba 1 Timoteyo 5:8 ndi yemweyo amene analemba Aefeso 4:28, kuti wakuba asabenso koma agwire ntchito ndi manja ake. Mavesi awiriwa salimbana. Lamulo ndi lakuti musamalire banja, koma silikupatsani chilolezo cholisamalira ndi soya wa gogo uja. Munthu amene akupalasa njinga kukwera zitunda za Mzuzu m'nkhungu ya m'mamawa kuti mkazi wake adye sanakane chikhulupiriro.

Namwino, mwana wa mlimi (Zolozolo)

Ndawerenga zonsezi ndipo ndaona kuti tonse tikumvera chisoni wogula, koma palibe amene wakamba za ogulitsa. Pepani ngati ndilankhule mowawa. Mayi anga amalima soya kufupi ndi Enukweni, ndipo makilo atatu amene mukuwatchula ngati nambala chabe, kwa iwo ndi sopo, mchere ndi ndalama ya chigayo. Amapalira okha, amamenya soya ndi ndodo padzuwa mpaka manja kuchita matuza, amapeta, kenako amasenza ulendo wa ola lathunthu. Amadziwa kuti akuberedwa, chifukwa kunyumba amayeza ndi ndowa ndipo amadziwa kuti ndowa zingati zimadzaza thumba, koma akatsutsa, wogula amangoti tengani katundu wanu mubwerere naye. Adzabwerera naye bwanji mwana atathamangitsidwa kusukulu?

Bambo a Yamikani, ndikukuthokozani kuti munasiya, koma mwanena nokha kuti munachita zimenezi nyengo zitatu. Zakeyu atakumana ndi Yesu sanangonena kuti kuyambira lero sindiberanso munthu. Ananena kuti amene anamulanda kanthu adzamubwezera kanayi. Pa Levitiko 6 wonyenga mnzake akuuzidwa kubweza chonse n'kuwonjezerapo limodzi la magawo asanu, ndipo pambuyo pake ndi pamene akubwera ndi nsembe. Makolo athu amati mlandu suwola. Kodi gogo amene anakuyamikirani pamaso pa anzake uja akudziwa zimene munamuchita?

Wamalonda wa pa Taifa

Mayi, apa mwaonjeza. Munthu alibe ndi lendi yomwe, ndiye abweze matumba mazanamazana amene sanadye ndi iye? Zakeyu anali wolemera ndipo ndalamazo zinali m'nyumba mwake. Izi zili m'nyumba mwa abwana.

Bambo a Yamikani (Chibavi)

Ayi Bambo, asiyeni alankhule, chifukwa akhudza pamene ndimapabisa ngakhale popemphera. Si zoona kuti sindinadyeko. Kumapeto kwa nyengo iliyonse abwana ankatipatsa kangachepe kuchokera pa katundu wowonjezera uja, ndipo matilesi amene timagonapo ndi mbaula ya magetsi ndinagula ndi ndalama zimenezo. Alimi onse sindingawakumbuke, chifukwa sitinkalemba maina, koma gogo uja ndikumudziwa ndipo nyumba yake ndingathe kuilondola. Chimene chimandiopsa si makilo ake, chifukwa amenewo ndingawapeze ngakhale ndi njingayi. Chimene chimandiopsa n'kuimirira pabwalo lake n'kunena ndi pakamwa panga kuti munthu wopemphera uja anali wakuba.

Pali chinanso chimene sindinanene poyamba. Abwana anga ndi munthu wodziwika mumpingo wawo, ndipo pa pepa Sande amapereka ndalama zimene zimaimiritsa tchalitchi chonse kuwomba m'manja. Nditapita kwa mmodzi wa akulu ampingo wawo kuti andithandize kulankhula nawo za malipiro anga okha, anandiuza kuti nkhaniyo ndi yovuta, ndipo anamaliza ndi mwambi wakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Agogo a ku Katawa (mphunzitsi wopuma)

Mwambi umenewo mkuluyo anaunena moona, kungoti sanazindikire kuti akudziweruza yekha, chifukwa mkhate umene akuopa kuswa ndi thumba la mpingo. Yakobo 5:4 akunena kuti malipiro a antchito amene anabisidwa mwachinyengo akufuula, ndipo kufuulako kwafika m'makutu a Ambuye. Denga la tchalitchi lingathe kukhala lamalata atsopano pamene malatawo anagulidwa ndi soya wa amasiye.

Ndionjezere za malamulo a dziko, chifukwa Mkhristu saletsedwa kuwagwiritsa ntchito, monga Paulo anatchulira ufulu wake wa nzika ya Roma. Sikelo zogulira ndi kugulitsira malonda zimayenera kuyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo kugwiritsa ntchito sikelo yobera ndi mlandu. Nkhani ya malipiro osaperekedwa ndi kuchotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka imayambira ku ofesi ya zantchito ya boma, ndipo ikakanika kumeneko imapita ku khoti loona za maubale a pantchito, limene lilipo kuno ku Mzuzu. Sindikunena kuti muthamangire kumeneko mawa, chifukwa Mateyu 18 akutiphunzitsa kuyamba ndi kukambirana, koma mudziwe kuti kufuna malipiro anu si kubwezera choipa.

Mayi a Yamikani (Chibavi)

Ine ndine mkazi wa amene anayambitsa nkhaniyi. Andionetsa zonse zimene mwalemba, ndipo ndapempha kuti nanenso ndilankhule, chifukwa mwandikamba kwambiri ngati mayi woyembekezera koma palibe amene wafunsa maganizo anga.

Sindinakwiye chifukwa chakuti anakana kuba. Bambo anga anali mlimi wa fodya ku Kasungu ndipo ndikudziwa ululu wa kugulitsa thukuta lako pamtengo wachipongwe. Chimene chinandipweteka n'chakuti zaka zitatu zonse sanandiuze mmene ndalama zinkabwerera, ndipo pamene anaganiza zosintha sanandiuzenso. Ndinamva tsiku limene anabwera masana atanyamula chikwama chake, n'kukhala pakhomo osalankhula. Akanandiuza mu June, ndikanasunga kaufa, sindikanatenga ngongole ku banki mkhonde yogulira zovala za mwana, ndipo tikanapemphera limodzi. Ambuye anati womanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake, ndipo m'banja owerengera amakhala awiri, chifukwa olipira ndi awiri.

Ndifunenso kunena kwa a mumpingo wathu, ngati alipo amene akuwerenga. Amuna anga atapereka umboni Lachitatu pa mapemphero a m'dera, anthu anawomba m'manja ndipo ena analira. Kuyambira tsiku limenelo papita masabata asanu ndi limodzi, ndipo amene wafika pakhomo pathu ndi mayi mmodzi yekha, wamasiye, amene anabwera ndi kambale ka ufa ndi masamba a mpiru. Amene amatikongoza makala ndi mnansi wathu wachisilamu. Sindikunena zimenezi kuti ndipemphe. Ndikungonena kuti kuwomba m'manja kunali kwa anthu ambiri, koma mtengo wake tikulipira awiri, ndipo posachedwapa tikhala atatu, osawerengera Yamikani amene akuyenera kubwerera kusukulu mu September.

Za gogo uja, ndawauza kuti apite. Matilesi ndakana kugulitsa chifukwa msana ukundipweteka, koma mbaula ya magetsi agulitse, popeza ngakhale mayunitsi ake sitikuwakwanitsa.

Abusa opuma (Mchengautuwa)

Mayi, mwatidzudzula moyenera, ndipo ine ndiyambe kulandira chidzudzulocho, chifukwa ndalalikira za kumvera kwa zaka zoposa makumi atatu koma sindikumbukira kuti ndinakhazikitsapo ndondomeko iliyonse yothandizira munthu amene wataya ntchito chifukwa chomvera ulaliki wangawo. Tinali ndi thumba la maliro, thumba la zomangamanga ndi thumba la galimoto ya abusa, koma la munthu wotereyu panalibe.

Apa ndi pamene ndibwerere kwa Mayi a Tadala ndi Mateyu 6:33. Lonjezo lija ndi loona, koma tifunse kuti zowonjezedwazo zimadzera njira iti. Pa Marko 10:29-30 Ambuye akulonjeza kuti wosiya nyumba, abale kapena minda chifukwa cha Iye adzalandira makumi khumi m'nthawi ino, nyumba, abale, alongo, amayi ndi minda, pamodzi ndi mazunzo. Kodi munthu amapeza bwanji amayi 100 ndi nyumba 100? Amazipeza mwa abale a mumpingo amene atsegula makomo awo. Mu Machitidwe 4 mukunenedwa kuti panalibe wosowa pakati pawo, osati chifukwa mana anagwa kuchokera kumwamba, koma chifukwa eni minda ankagulitsa n'kubweretsa ndalamazo. Choncho ngati banja ili likugona ndi njala, si Mulungu amene waphwanya lonjezo, koma ndife amene tatseka njira imene lonjezolo limayenera kudzera. Yakobo 2:15-16 anatijambula kale: timauza wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu.

Pa za kubweza, Bambo wa pa Taifa ali ndi mfundo pang'ono. Mbaleyu sangabweze zimene zili m'nkhokwe za abwana, ndipo tisamusenzetse katundu amene Malemba sanamusenzetse. Koma zimene zinalowa m'thumba mwake, ndi munthu amene akumudziwa nkhope ndi pakhomo, pamenepo palibe pothawira. Mateyu 5:23-24 akuti ukakumbukira uli paguwa kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulo wako pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Bambo a Yamikani, musapite nokha. Mudzere kwa a nyakwawa kapena kwa mkulu wa mpingo wa m'mudzimo, chifukwa nkhani ikamveka, ena amene munawagula angathe kubwera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo udzakhala ndi chifukwa. Ine Chitumbuka ndimachilankhula bwino kuposa inu a ku Kasungu ndi ku Dedza, ndipo ngati mungalole ndikuperekezani.

Namwino, mwana wa mlimi (Zolozolo)

Mayi a Yamikani, pepani kuti ndinalankhula za alimi ndikuiwala kuti m'nyumba mwanu mulinso munthu amene sanalakwe. Musadumphe masiku a sikelo ya amayi oyembekezera chifukwa cha kusowa kwa thiransipoti, makamaka miyezi yotsalayi. Ndili ndi beseni, zitenje zinayi ndi zovala za khanda zimene mwana wanga anasiya, ndipo ndibwera nazo Loweruka ndikaweruka.

Wamalonda wa pa Taifa

Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni, ndipo ndikuonabe kuti akanatha kukonzekera bwino asanabweze muviwo, monga mmene akazi awo anenera. Sindikudziwanso ngati ineyo ndikanachita zimene anachitazo, chifukwa ndikayang'ana ndowa imene ndimagulira ndi imene ndimagulitsira, sindinganene molimba mtima kuti ndi zofanana. Nkhani imeneyo ndisiyireni ndithane nayo ndekha. Koma ndikufuna munthu wondisungira katundu ndi kulemba zotuluka masiku amene ndimapita ku Kyela, ku Tanzania, kukaoda, kawiri pamwezi, ndipo anyamata atatu amene ndinawalembapo onse anandibera. Malipiro ake ndi ochepa ndipo sangafike pa amene munkalandira, Bambo a Yamikani, komanso si ntchito ya tsiku lililonse, moti njinga musaibweze. Ngati mukufuna, mundipeze Lachisanu m'mawa.

Bambo a Yamikani (Chibavi)

Zikomo nonse. Kwa akazi anga ndapepesa pamaso, ndipo ndikupepesanso pano pamene anandidzudzulira. Lachisanu ndifika pa Taifa, Bambo, ndipo ndikuthokoza. Mbaula ndapeza kale woigula, ngakhale wandidula mtengo kwambiri poona kuti ndili pamavuto.

Abusa, ndavomera kuti mundiperekeze. Ndawerengera kuti gogo uja anandigulitsa katatu pa nyengo ziwiri, ndipo ngakhale sindikukumbuka makilo enieni, sangapitirire 10, choncho ndikufuna kupita ndi ndalama ya makilo 12 pamtengo wa lero. Sindikudziwa ngati adzalandira kapena adzandithamangitsa, ndipo sindikudziwanso chimene ndidzayankhe ena akadzabwera ndi madandaulo awo, chifukwa m'thumba mudzakhala mutatha. Amalume sakuyankhabe foni yanga, ndipo eni nyumba andipatsa mpaka pa 30 mwezi uno. Minibasi yopita mbali imeneyo imanyamuka m'depoti ikadzaza, kawirikawiri cha m'ma 7 koloko, ndipo kuchokera pamsewu waukulu pali mtunda wa pafupifupi ola limodzi wapansi, ndiye Lachiwiri muvale nsapato zoyendera.